Mipando 20 ya azimai yabwera, koma khomo likali m'manja mwa zipani

LUSAKA – Pa 18 December 2025, mtsogoleri wa dziko lino a Hakainde Hichilema anasaina lamulo losintha zigawo zina za malamulo oyendetsera dziko, lomwe anthu ambiri analidziwa ndi dzina lakuti Bill 7. Mwa zina, lamuloli linaonjezera madera a masankho kucoka pa 156 kufika pa 226, ndiponso linakhazikitsa mipando ina 40 ya m'Nyumba ya Malamulo imene ilibe madera: 20 ya azimai, 15 ya acinyamata ndi 5 ya anthu olemala. Aka kanali koyamba, cilandirire ufulu mu 1964, kuti malamulo a Zambia apatule mipando ya aphungu acikazi paokha.

Mikangano ya Bill 7 inafika ku makhoti, m'machalichi ndi pa mawailesi, koma yambiri inali yokhudza njira imene boma linatsata posintha malamulo ndi kagawidwe ka madera atsopano. Nkhani ya azimai inangokhudzidwa pamwamba, ngati kuti yatha. Koma masamu ake ndi osavuta. M'Nyumba ya anthu pafupifupi 280, mipando 20 ndi 7 cabe pa 100 iriyonse. Mipando 226 ya m'madera ndiyo mtima wa Nyumbayo, ndipo munthu asanafike pa pepala loponyera voti m'dera lililonse, amayamba wadutsa pakhomo la cipani. Pakhomo limenelo m'pamene azimai ambiri akhala akubwezedwa kwa zaka 60, ovota asanafunsidwe n'komwe.

Atatu a mu 1964

Pa masankho a January 1964, azimai atatu analowa m'Nyumba ya Malamulo mocita kusankhidwa ndi anthu. Awiri mwa iwo anali amai Margaret Mbeba a dera la Kazimuli, kum'mawa, ndi amai Ester Banda. Wacitatu anali amai Nakatindi Yeta Nganga a ku Nalikwanda, kumadzulo. Panthawiyo mipando inali 75.

Atatu pa 75 cinali ciwerengero cocepa poyerekeza ndi nchito imene azimai anagwira pomenyera ufulu. Mama Julia Chikamoneka ndi anzao anacititsa manyazi nduna ya Britain yoona za maiko olamulidwa, a Iain Macleod, pamene anabwera ku Lusaka mu 1960. Azimai ndiwo anali kusonkha ndalama, kuphikira ndi kubisa omenyera ufulu. Cipani ca UNIP cinawapatsa nthambi yaoyao, Women's Brigade, imene pambuyo pake inachedwa Women's League, ndipo Mama Chibesa Kankasa anaitsogolera zaka zambiri. Nthambiyo inali ndi mphamvu yosonkhanitsa anthu, koma mphamvu yosankha oimirira inali kwina. Nduna yoyamba yacikazi mu kabineti, amai Mutumba Bull, inasankhidwa mu 1973, patapita zaka 9.

Zipani zonse zimene zinabwera kuyambira mu 1990 zinatengera kamangidwe komweko. MMD, UPND, PF ndi zina zing'onozing'ono, ciriconse cinakhala ndi nthambi ya azimai ndi wapampando wake, amene onse amamuchula kuti chairlady. Pa msonkhano wa cipani azimai ndiwo amayamba kufika, atavala vitenge va nkhope ya mtsogoleri, ndipo ndiwo amatsiriza kucoka. Koma patsanja pamene pali mipando ndi maikolofoni, nthawi zambiri amakhalapo mmodzi kapena awiri.

Ziwerengero za masankho zionetsa zotulukapo zake. Pambuyo pa masankho a 2011, azimai sanafike 12 pa aphungu 100 alionse. Mu 2016 anakwera kufika pafupifupi 18 pa 100. Mu 2021 anatsikanso: opambana m'madera anali pafupifupi 20 pa madera 156, ndipo ngakhale ataonjezerapo osankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, Nyumba yonse inali ndi azimai pafupifupi 15 pa 100. Caka comweco, pa anthu oposa 7 miliyoni amene analembetsa kuponya voti, 53 pa 100 alionse anali azimai. M'makhonsolo zinthu zinali zoipirapo, pakuti makhansala acikazi sanafike ngakhale 10 pa 100.

M'cipinda ca adopushoni

Kuti munthu amvetse kumene azimai amatayikira, ayenera kuona zimene zimacitika miyezi ingapo masankho asanafike. Cipani cimalengeza kuti ofuna kuimirira alembe makalata. Wopempha amalipira ndalama ku cipani, kenaka amakaonekera pamaso pa komiti ya dera, ya boma ndi ya cigawo. Makomitiwa amatumiza maina ku likulu, ndipo mau otsiriza amakhala ndi komiti yaikulu ku Lusaka, imene ku PF imachedwa Central Committee, ku UPND National Management Committee, ku MMD National Executive Committee. Wopambana amapatsidwa cikalata ca adopushoni. Popanda cikalataco, bungwe loyendetsa masankho la Electoral Commission of Zambia silingamulembe pa dzina la cipanico, ndipo cimene camutsalira ndi kuima payekha.

Zonsezi zimacitika zitseko ziri zotseka. Cipani sicikakamizidwa kufotokozera anthu cifukwa cake wakuti watengedwa ndipo wakuti wasiyidwa, ndipo si zacilendo kumva kuti dzina limene linatsogola ku dera lasinthidwa ku Lusaka. Amuna naonso amadandaula nazo zimenezi. Koma mkazi amalowa m'cipindamo ali kale ndi katundu wina pamutu. Okhala m'makomitiwo ambiri ndi amuna amene adziwana zaka zambiri, ndipo zokambirana zenizeni zimacitika usiku m'malo ogona alendo ndi omwera, kumene mkazi akapezekako m'mawa mwake nkhani siikhalanso ya ndale.

Kulemera kwa adopushoni kumaoneka bwino m'madera amene cipani cimodzi ciri ndi mizu yakuya. Pa masankho a 2016 ndi 2021, munthu wotengedwa ndi UPND ku cigawo ca Kum'mwera anali ngati walowa kale m'Nyumba, cimodzimodzinso wotengedwa ndi PF m'madera ambiri a ku Luapula ndi Muchinga. M'madera oterowo masankho enieni amathera m'komiti, ndipo tsiku loponya voti limangotsimikiza. Cipani cimene cifunadi aphungu acikazi cingawaike kumeneko popanda kuopa kutaya mpando. Cimene cakhala cikuoneka kawirikawiri ndi cosiyana: madera otsimikizika amapita kwa akuluakulu a cipani ndi kwa amene anathandiza ndi ndalama, ndipo mkazi amapatsidwa dera limene cipanico cidziwa kale kuti sicingapambaneko. Pamapepala cipani cimaoneka kuti catenga azimai. M'Nyumba iwo saonekamo.

Akuluakulu a zipani akafunsidwa, yankho lofala ndi lakuti anthu akumudzi sanakonzeke kuvotera mkazi, ndipo ena amakumbutsa mau akale onyoza akuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Yankholi liri ndi coonadi cocepa kuposa mmene limamvekera. Anthu a ku Petauke anavotera amai Dora Siliya kangapo kuyambira mu 2006. A ku Kasenengwa anasankha malemu amai Victoria Kalima mu 2011 pa MMD, ndi mu 2016 pa PF. Amai Sylvia Masebo apambana ku Chongwe pa zipani zosiyanasiyana kuyambira mu 2001. Komweko ku Chongwe, Asoli akhala akugwadira Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo Yaciwiri kucokera mu 1971, ndipo kum'mawa ufumu wa Nyanje ndi wa Kawaza wakhalapo ndi azimai. Pakati pa Acewa, mpando wa Kalonga Gawa Undi umadutsira mwa Nyangu. Anthu amene amapita ndi milandu ya minda kwa mfumu yacikazi sangalephere kuika cizindikiro pa dzina la mkazi ngati dzinalo liripo pa pepala.

Mwambo umaluma pena. Mkazi wokwatiwa akafuna kuimirira kwao kumene anabadwira, amauzidwa kuti anacoka, akaime kwa mwamuna wake. Akapita kwa mwamuna wake, amauzidwa kuti ndi mlendo. Wosakwatiwa amafunsidwa za ukwati, ndipo wokwatiwa amafunsidwa ngati mwamuna wake wamulola. Mafunso otere safunsidwa kwa mwamuna wofuna mpando womwewo.

Ndalama, satifiketi ndi miyala

Funso limene limalemera kopambana m'komiti ndi la thumba. Zipani za m'dziko lino zimadalira oimirira kuti adzilipirire okha kampeni, ndipo nthawi zambiri alipirirenso kampeni ya mtsogoleri wa cipani m'dera lao. Pamafunika mafuta a magalimoto, vitenge, masikipa, cakudya ca oyang'anira mavoti, ndi zopereka pa maliro alionse a m'deralo kwa zaka zingapo masankho asanafike. Munthu wokhala ndi makontrakiti, mgodi kapena malole ndiye amaoneka woyenera. Mphunzitsi wopuma pa nchito kapena mai wogulitsa ku msika wa Soweto, ngakhale adziwike ndi dera lonse, amayamba ali kumbuyo, ndipo banki siimukongoza popanda cikalata ca malo.

Pa masankho a 2021, bungwe loyendetsa masankho linacepetsako ndalama zolembetsera za azimai: mwamuna wofuna uphungu analipira K15,000, mkazi K13,500. Colinga cinali cabwino, koma K1,500 siikwana ngakhale mafuta a masiku owerengeka m'dera lalikulu ngati Chama kapena Lumezi. Malamulo oyendetsera dziko a 2016 analamula kuti pakhale lamulo loyang'anira zipani ndi ndalama zao. Bilu ya zipani inalembedwa mu 2017, koma sinafike pokhala lamulo. Kumeneko n'kumene kukanalembedwa kuti cipani cosatenga azimai okwanira cilandire cilango.

Malamulo omwewo a 2016 anabweretsanso cofunika cina: aliyense wofuna uphungu kapena ukhansala akhale ndi satifiketi ya Giredi 12 kapena yofanana nayo. Lamuloli silichula mkazi kapena mwamuna, koma silinagwe mofanana pa onse. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti 29 pa 100 alionse a azimai a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanafike zaka 18. Mfundo yolola atsikana kubwerera ku sukulu atabereka inayamba mu 1997, kutanthauza kuti azimai ambiri amene lero ali ndi zaka zoposa 50 analibe mwai umenewo. Awa ndiwo amatsogolera makalabu, magulu a cilimba, makomiti a mijigo ndi a kusikelo ya ana, ndipo ndiwo akanayamba ndale monga makhansala. Sukulu yaulere imene inayamba mu 2022, pamodzi ndi lamulo la 2023 loletsa ukwati uliwonse wa munthu wosafika zaka 18, zidzasintha zimenezi, koma kwa mbadwo wotsatira.

Za ciwawa n'zodziwika. Mu July 2016 bungwe loyendetsa masankho linaimitsa kampeni kwa masiku 10 ku Lusaka ndi ku Namwala kamba ka ndeu, ndipo mu August 2021 asilikali anatumizidwa m'miseu masankho asanacitike. Kumene mpando umafuna gulu la makada a zikwanje, azimai ambiri anzeru zao amasankha kukhala kunyumba. Tsopano kutukwana kunasamukiranso pa Facebook ndi WhatsApp, kumene mkazi wandale amanyozedwa za thupi lake ndi za kucipinda, ana ake akuwerenga.

Pamwamba pawala, pansi pali mdima

Wina angatsutse ponena kuti dziko lino laika azimai pa mipando yapamwamba kwambiri, ndipo n'zoona. Amai Edith Nawakwi, amene anamwalira mu 2025, anakhala nduna ya zacuma mu 1998 ndipo anaimirira pa utsogoleri wa dziko mu 2011, 2015 ndi 2016. Amai Inonge Mbikusita-Lewanika ndi amai Gwendoline Konie anali atayesako kale mu 2001. Amai Inonge Wina anakhala waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu January 2015, ndipo amai Irene Mambilima anakhala mkulu wa oweruza caka comweco. Mu 2021 zipani zazikulu zonse ziwiri zinaika mkazi kukhala wotsatira: amai Mutale Nalumango ku UPND ndi amai Nkandu Luo ku PF. Mu September caka cimeneco, amai Nelly Mutti anakhala mkazi woyamba kutsogolera Nyumba ya Malamulo monga Sipika.

Koma mipando yambiri mwa imeneyi ili ndi cinthu cimodzi cofanana: imaperekedwa ndi dzanja la munthu mmodzi kapena la anthu ocepa pamwamba, ndipo siicotsa phungu wamwamuna aliyense m'dera lake. Kupatsa mkazi mmodzi mpando waulemu n'kotsika mtengo kuposa kuuza amuna 50 a m'cipani kuti caka cino apumule. Motero amai Mutti anatsogolera Nyumba imene inali ndi azimai ocepa kuposa imene inalipo iwo asanabwere.

Kucepa kwa aphungu kumakwera mpaka ku kabineti, pakuti malamulo amati nduna zisankhidwe pakati pa aphungu. Mu kabineti yoyamba ya September 2021, maunduna otsogoleredwa ndi azimai anali anai pa maunduna oposa 20. Mwezi womwewo unduna woona za kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi unathetsedwa, nchito zake n'kuikidwa pansi pa ofesi ya mtsogoleri wa dziko.

Malonjezo sanasowepo. Mu 1997, ku Blantyre, atsogoleri a SADC analonjeza kuti pofika 2005 azimai adzakhale 30 pa 100 m'maudindo opanga mfundo. Mu 2008, ku Johannesburg, anakweza lonjezolo kufika theka pofika 2015. Zambia inasaina zonse ziwiri ndipo sinakwanitse ngakhale loyambalo. Lamulo la Gender Equity and Equality Act linakhazikitsidwa mu 2015. Mipando yogawidwa molingana ndi mavoti a zipani inali m'malamulo amene anakonzedwa panthawiyo, koma aphungu anaicotsa asanavomereze zosintha za 2016. Inabweranso mu Bill 10, imene inagwa mu October 2020. Mabungwe monga Zambia National Women's Lobby, lokhazikitsidwa mu 1991, ndi NGOCC, la mu 1985, akhala akunena nkhani yomweyi kwa boma lililonse. Tero pamene mipando 20 inabwera, n'zomveka kuti ena anailandira ndi manja awiri, poti fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Zimene anansi anaona

Zimbabwe inayenda kale njira imeneyi. Malamulo ake a 2013 anapatula mipando 60 ya azimai yopanda madera, kuonjezera pa madera 210. Ciwerengero conse ca azimai m'Nyumba cinakweradi nthawi yomweyo. Koma m'madera cinabwerera m'mbuyo, ndipo pa masankho a 2023 azimai opambana m'madera anali 22 cabe. Omenyera ufulu wa azimai kumeneko akhala akudandaula kuti zipani zinayamba kuuza azimai ofuna madera kuti adikire mipando yao yapadera. Njira imene inayenera kutha pambuyo pa masankho awiri inatalikitsidwa mu 2021, cifukwa cimene inabwera kudzakonza cinali cikalipo.

Namibia inayambira mbali ina. Mu 2013 cipani ca SWAPO cinasintha malamulo ace ceni-ceni kuti pa mndandanda wa oimirira, dzina la mkazi ndi la mwamuna azisinthana ngati mizere ya mbidzi. Pa masankho a 2014 azimai m'Nyumba anacoka pa gawo limodzi mwa magawo anai kufika poposa 40 pa 100, ndipo mu March 2025 amai Netumbo Nandi-Ndaitwah analumbira kukhala mtsogoleri wa dzikolo. Ndi zoona kuti ku Namibia anthu amavotera mndandanda wa cipani, osati munthu wa dera, ndiye kusinthanitsa maina n'kosavuta. Kuno kungafunike lamulo lina, monga lakuti cipani citenge azimai okwana gawo lakuti m'cigawo ciriconse, kuti cisawaunjike m'madera otayika. Cosiyanitsa maiko awiriwa n'cakuti ku Namibia cinasintha ndi cipani, pamene ku Zimbabwe cipani cinatsala momwe cinaliri, n'kungomangirira khumbi pambali pa nyumba.

Ayankha kwa yani?

Mipando 20 ya kuno ili pafupi ndi citsanzo ca Zimbabwe. Maina a okhalapo amacokera ku zipani, kutanthauza kuti makomiti omwe aja amene akhala akubweza azimai m'madera ndiwo apatsidwanso mphamvu yosankha azimai a pa mndandanda. Phungu wa dera akakangana ndi cipani cake ali ndi kothawira: anthu amene anamuvotera, ndipo aphungu 13 analowa m'Nyumba mu 2021 ataima paokha. Phungu wa pa mndandanda alibe anthu oterowo. Mpando wake ndi mphatso ya akuluakulu a cipani, ndipo tsiku limene bilu yokhudza malo a akazi amasiye kapena nkhanza za m'banja idzasemphana ndi zofuna za cipani, iye adzafunika kulimba mtima koposa anzake onse.

Palinso nkhani ya ndalama za citukuko ca m'madera, CDF. Thumbali linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, ndipo linafika pa K36.1 miliyoni mu 2025. Phungu wa dera amakhala m'komiti imene imakambirana kumene kumangidwe cipinda ca amai oyembekezera, kumene kukumbidwe mjigo, ndi magulu amene alandire ngongole. Anthu amamuweruza ndi zimene aona ndi maso. Phungu wopanda dera alibe komiti yotere, alibe sukulu yoti aloze. Akadzafuna kucoka pa mndandanda kuti akapikisane m'dera pambuyo pa zaka 5, adzakumana ndi mwamuna amene dzina lake lachulidwa pa mlatho uliwonse ndi desiki iriyonse m'deralo.

Lamulo la 2025 linabweretsanso madera 70 atsopano, ndipo dera latsopano liri ndi ubwino umodzi: palibe phungu wakale woti acotsedwe, cifukwa cimene zipani zakhala zikupereka posiya azimai. Bungwe loyendetsa masankho limasindikiza maina a oimirira onse, dera ndi dera, pambuyo pa tsiku lolembetsa. Mlimi wa ku Vubwi kapena wogulitsa wa ku Kanyama angathe kutenga mndandanda umenewo, kusiya pambali mipando 20, ndi kuwerenga maina acikazi amene cipani ciriconse caika m'madera 70 amenewo ndi m'zigawo zimene cimapambana nthawi zonse.